Ubatizo wa Lusungu m'Garaja ya a Mhango

Amene anayamba kundiuza anali a Jere, mlonda wa pageti ya kunyumba kumene ndimagwira ntchito ku Area 3. Foni yanga inali itatha moto, ndiye mkamwini wanga Wongani anaimbira iwo. Anandipeza ndikusita malaya a abwana pakhonde lakuseri. Anavula chipewa, chinthu chimene a Jere sachita ngakhale pamaso pa abwana, n'kunena kuti, "Mayi Kamwendo, kuchipatala zavuta. Mwana wabadwa, ndi wamkazi, ali bwino. Koma Tiyamike watisiya."

Ine ndinati, "Chabwino, a Jere." Ndinamaliza kolala ya malaya amene anali m'manja. Ndinatenga ena, n'kusitanso. Ndinasita onse, n'kuwapachika, n'kuzimitsa simbi. A Jere ali chiimire ndi chipewa chawo, mpaka anandifunsa kuti, "Mayi, mwandimva koma?" Ndinali nditamva. Tiyamike anali mwana wanga mmodzi yekhayo. Masiku ake anali asanakwane, moti chikwama changa chokadikirira kuchipatala chinali chikadali pansi pa bedi.

Amayi anzanga ndi abambo amene mwakhala pano, ndayambira pamenepo kuti mudziwe kuti si onse amagwa chifukwa cha ululu. Ena timagwa chifukwa chosamva kalikonse. Ine sindinalire kuchipatala, sindinalire kumanda kwathu ku Mitundu. Anthu ankati, "Taonani chikhulupiriro cha mayiyu." Sichinali chikhulupiriro ayi. Ndinali ngati mwendo wochita dzanzi, woti ungautsine osamva.

Ndine mayi wa pemphero kuyambira utsikana wanga. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma Baibulo ndimawerenga ndekha. Mpingo wathu ndi waung'ono, anthu ngati makumi atatu. Timapemphera m'garaja ya abwana anga, a Mhango, amene amagwira ntchito ku Capital Hill, ndipo ndi iwonso mkulu wa mpingo. Lamulungu lililonse amatulutsa galimoto, ife n'kusesa, n'kuyala mabenchi. Theka ndi anthu a m'maofesi ochokera kumpoto, theka ndife antchito a m'nyumba ndi alonda. Abusa amabwera katatu kapena kanayi pa chaka kudzadyetsa mgonero ndi kubatiza. Ine ndinali wa chigwirizano cha amayi, wa bulauzi yoyera ndi duku loyera, ndipo nyimbo zambiri ndinkayambitsa ndine.

Wongani ndi dalaivala wa boma, amatha milungu ali kumidzi ndi mabwana ake. Mwana uja anamutcha Lusungu, n'kumusiya m'manja mwanga. Mkaka wa m'chitini ankabweretsa osaphonya. Amayi ake, NyaMsiska, ali ku Rumphi, anavomera kuti mwana akhale ndi ine, ngakhale kwawoko mwana ndi wa kuchimuna. Ine amanditcha asebele, popeza ana athu anakwatirana. Anati, "Asebele ataya mwana. Tisawalandenso uyu."

Kapu yoyamba ya kachasu anandipatsa ndi msuweni wanga titamaliza maliro, akuti kuti ndipeze tulo. Tulo ndinalipezadi. Nditabwerera m'tauni ndinafunsa kumene amaphika kachasu, anandilozera ku Chinsapo, kwa aNachisale. Kuchokera ku Area 3 ndi ulendo wapansi. Masana, abwana ndi madamu ali kuntchito, ndinkabereka Lusungu n'kutsetsereka. Ndinkathira m'botolo la mankhwala a chifuwa, pobwerera n'kumatafuna masamba a gwafa kuti fungo lisamveke. Poyamba kamodzi pa mlungu. Kenako katatu. Pofika mwezi wa Okutobala, tsiku ndi tsiku. Ndinapsereza makatani a madamu. Ndinathira mchere mu tiyi wa alendo. Lamulungu ndinkavalabe zoyera, n'kuyambitsa nyimbo, mawu akutuluka bwinobwino koma ine mulibemo.

Tsopano ndikuuzeni pamene ndinafika, sindibisa, chifukwa mwina pano pali wina amene ali pafupi napo. Tsiku lina Lachinayi, dzuwa likuswa mtengo, ndinakhala kwa aNachisale mpaka mutu unalemera. Mwana ndinali nditamutsitsa, nditamugoneka pa mkeka kuseri kwa chitseko. Nditadzuka ndinamanga chitenje pachifuwa monga mwa masiku onse, n'kuyamba ulendo. Ndinayenda njira yonse, kuwoloka msewu, kukwera mtunda, dzanja langa likusisita kumbuyo. Nditafika pageti a Jere anatsegula, anandiyang'ana kumsana, n'kufunsa kuti, "Mayi, mwana ali kuti?"

Ndinagwira kumbuyo. Chitenje chokhachokha.

Mudziwa chimene ndinachita? Ndinangoima. Sindinakuwe, sindinathamange. Ndinkayesa kukumbukira kumene ndachokera ngati munthu wofuna singano mumchenga. Tili chiimire choncho, tinaona aNachisale akukwera mtunda, thukuta lili kamukamu, Lusungu ali kumsana kwawo. Mayi wophika kachasu, amene ife a chigwirizano tinkamulambalala pamsika osamupatsa moni. Anamumasula, n'kumupereka kwa a Jere, osati kwa ine. Anati, "Inu amayi a mpingo, mowa wanga ndimagulitsa, koma ana sindisunga. Wakhala akulira mpaka mawu atha." Nthawi yomweyo galimoto ya madamu inali ikukhota kulowa pageti.

Lamulungu lotsatira akulu a mpingo anandikhazika pansi m'garaja momwemo. A Mhango anati, "Mayi Kamwendo, muno sindine bwana wanu. Ntchito yanu ya m'nyumba ili pomwepo. Koma mpingo wakudulani." Kwa amene simudziwa za kwathu, munthu wodulidwa sadya mgonero, sayambitsa nyimbo, amakhala pa benchi ya kumbuyo, ndipo sangaimirire mwana pa ubatizo mpaka atamaliza kalasi ya olapa. Mayi Chibwana, wapampando wa amayi, anabwera kudzatenga bulauzi ndi duku. Iwo ndi amene ankalira. Ine ndinawapatsa zili zopindapinda, n'kuwafunsa ngati angamwe tiyi.

Wongani atamva sanandinyoze. Anakhala pa mpando wanga nthawi yaitali, akupotokola makiyi a galimoto. Kenako anati, "Amayi, abusa akubwera pa Khirisimasi. Lusungu abatizidwa tsiku limenelo. Amama akubwera kudzamuimirira, ndipo chaka chikangolowa apita naye ku Rumphi." Ndinati, "Chabwino." Mawu anga a chaka chimenecho anali amenewo basi. Kwathu ku mpingo aliyense amadziwa kuti woyankha malonjezo a ubatizo ndi amene alere mwanayo. Ndinadziwa kuti ndamutaya. Ndipo mawa lake ndinapitanso ku Chinsapo, ndekha, mwana atatsala ndi mkazi wa a Jere.

NyaMsiska anafika kutatsala masiku anayi. Ndinakawachingamira kudepoti ku Old Town. Anatsika basi ndi thumba la mpunga pamutu, mayi wamfupi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Ndinkayembekezera mawu olasa. Iwo anangoti, "Asebele, mwaonda," n'kundisenzetsa mpunga.

Anagona m'kanyumba kanga ka kuseri, pa mphasa, ine pa bedi ndi mwana. M'mawa mwake akusesa anapeza botolo la mankhwala a chifuwa kuseri kwa ndowa. Anatsegula, ananunkhiza, anatseka. Analiika pazenera, poonekera. Anati, "Likhale apa. Chobisika ndi chimene chimakula." Ndi botolo lili pazenera, mlendo ali m'nyumba, manyazi anandigwira dzanja. Masiku atatu sindinamwe. Musaganize kuti kunali kulapa. Ndinkangodikira kuti achoke.

Khirisimasi ya ku ma Area mumaidziwa. Mabwana ambiri amapita kwawo, nyumba zimatsala ndi ife antchito ndi agalu. Chaka chimenecho a Mhango sanapite chifukwa cha abusa. Dzulo lake amayi anapeta mpunga wa NyaMsiska pansi pa mtengo wa mango, abambo anapha nkhuku, achinyamata anapachika mabaluni ndi nthambi za mkungudza pa zitsulo za garaja. Madamu anatulutsa mbale yawo yagalasi imene imakhala m'kabati chaka chonse, yoikamo madzi a ubatizo. Anandipatsa ine kuti nditsuke. Manja anga ankanjenjemera moti Mayi Chibwana anandilanda mwakachetechete, n'kuti, "Inu kasendeni anyezi, ameneyo sasweka."

M'mawa wa tsikulo kunagwa mvula yowaza. NyaMsiska anayesa kusambitsa Lusungu, mwana anakana, anadziwongola ngati nsungwi. Anali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo nkhope imene ankaidziwa inali yanga. Anati, "Asebele, mwanayu sandidziwa. Musambitseni ndinu." Ndinamusambitsa, ndinamudzoza mafuta, ndinamuveka diresi loyera limene Wongani anagula. Mabatani anali ang'onoang'ono, zala zanga zinkaphonya. Ndinamupereka kwa NyaMsiska pakhomo la garaja, ine n'kukakhala kumbuyo, pafupi ndi matayala akale a abwana.

Mapemphero anayamba. Ana anachita sewero la kubadwa kwa Yesu, atafunda zitenje za amayi awo. A Jere anali Herode monga mwa chaka chilichonse, chifukwa ndi okhawo ali ndi chijasi chachitali ndi chibonga. Atakuwa kuti, "Mfumu ina iti? Mfumu pano ndine!" wina kumbuyo anayankha kuti, "Mfumu ya pageti!" Garaja yonse inafa ndi phwete, ngakhale abusa anapukuta misozi. Ine ndinkaona milomo ya anthu ikutseguka. Ndinkawerenga madontho ogwa kuchokera pa malata, n'kumaganiza za botolo lili pazenera, kuti anthu akayamba kudya ndizembe.

Kenako abusa anaitana ana a ubatizo. Anali atatu. Awiri oyamba anabatizidwa bwinobwino, amayi akululutira. Atati, "Lusungu," Wongani ndi amayi ake anapita kutsogolo. Mwana atangoona mkanjo wakuda wa abusa, anayamba. Si kulira kwa njala kuja ayi. Anakuwa, anapinda msana, anagwetsa magalasi a NyaMsiska. Wongani anamutenga, zinaposa. Abusa anayamba funso loyamba, osamveka. Anayambanso, osamveka. Amayi anayambitsa nyimbo kuti atonthole, nyimbo inatha iye akadali pomwepo. Mutu wake unkatembenukira kumbuyo, kufunafuna, manja ali tambasu kuloza kumene kunali matayala.

Ine ndinakhala. Wodulidwa sapita kutsogolo. Ndinayang'ana pansi, pa banga la oilo.

Ndiye ndinamva mawu a NyaMsiska. Anati, "Abusa, pepani, ine ndine mlendo, mundikhululukire. Lamulo ndikulidziwa, kwathunso ndi lomwelo. Wodulidwa sayankha malonjezo. Koma mwanayu akufuna msana umene wauzolowera. Asebele abwere adzangomugwira. Kuyankha tiyankha ife."

Abusa anayang'ana a Mhango. A Mhango anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso. Ndimawadziwa abwana anga, ndi munthu wa malamulo, ngakhale nsapato zawo zimakhala pa mzere. Anati, "Abusa, kugwira mwana si udindo wa mumpingo. Koma asatsegule pakamwa." Abusa anandikodola ndi dzanja. "Mayi Kamwendo, bwerani."

Garaja ija ndi yaifupi, ndimaisesa mlungu uliwonse, koma tsiku limenelo inatalika. Ndinadutsa pakati pa amayi ovala zoyera, ine ndili m'chitenje cha kukhitchini chonunkha anyezi. Wongani anandipatsa mwana. Anangoti khuu pachifuwa panga, anagwira kolala ya diresi langa ndi chibakera chake, akusisima, kenako anatonthola. Mwana amene ndinamuiwala pa mkeka wa kachasu. Iye sankadziwa zimenezo. Ankangodziwa fungo langa.

Abusa anafunsa ngati akukhulupirira, Wongani ndi amayi ake anayankha. Kenako anafunsa funso lina lija, pang'onopang'ono, monga amachitira. Anati, "Kodi mukulonjeza pamaso pa Mulungu ndi mpingo uno kuti mudzamulera mwanayu, kumusamala, kumupempherera, ndi kukhala chitsanzo chabwino kwa iye?"

Abale anga, funso limeneli ndalimva kambirimbiri. Ndinaliyankhapo ndili mtsikana, Tiyamike ali m'manja. Koma tsiku limenelo mawu akuti inde anakwera okha kuchokera m'mimba, anafika pakhosi, anafika pa lilime. Ndinaluma mlomo. Kumanja kwanga Wongani anati, "Inde, ndikulonjeza." Kumanzere NyaMsiska anati, "Inde, ndikulonjeza." Ine pakati, mwana ali pamtima panga, mtima wake ukugunda pa wanga, ndili duu. Ndinalibe chilolezo, komanso ndinadziwa kuti ngakhale akanandilola, likanakhala bodza.

Kwa miyezi isanu ndi iwiri sindinafunepo kanthu. Chakudya, tulo, moyo, imfa, zonse zinali chimodzimodzi. Ngakhale mowa sindinkaufuna, ndinkangopitako ngati mbuzi yozolowera njira. Koma pamenepo ndinafuna. Ndinafuna kuyankha. Chinali chinthu chaching'ono, chowawa, ngati mwendo wa dzanzi ukayamba kubwerera.

Abusa anatunga madzi katatu m'mbale ya madamu. Anatsika pamutu pa Lusungu, anadutsa kukhutu, anayenderera pa mkono wanga mpaka pa chigongono. Anali ozizira. Amayi analulutira. Ine sindinalire, ndisakunamizeni. Ndinabwerera naye ku benchi ya kumbuyo, palibe amene anandilanda, ndipo anagona pamenepo mpaka mapemphero anatha.

Tinadya mpunga ndi nkhuku pakhonde chifukwa cha mvula. Ana anaphulitsa mabaluni onse. A Jere anadya akadali m'chijasi cha Herode, akuti mfumu imalandira ntchafu. Ine sindinazembe. NyaMsiska anakhala pambali panga, akudya ndi supuni, ndipo anati, "Mwana ndipita naye, asebele. Ndalonjeza pamaso pa anthu. Koma sindikukamubisa. Tsiku limene mpingo udzakubwezereni duku, tidzakhala pansi." Ndinati, "Zikomo." Anati, "Yewo."

Anapitadi chaka chitangolowa. Ndinawaperekeza kudepoti, ndinamupereka pawindo la basi. Ndipo ndikuuzeni zoona, chifukwa umboni wabodza suthandiza munthu: nditabwerera ndinamwa botolo lija lonse. Ndinadzuka ndili pansi, nyumba ili zii, thewera limodzi lili pachingwe. Kumeneko ndiye kunali kumwa kwanga komaliza.

Tsopano njira imene ndinabwerera nayo. Siyodabwitsa. Ndinayamba ndi kupita kwa madamu, n'kuwauza ndi pakamwa panga kuti ndamwanso, asanamve kwa wina. Anandiperekeza kuchipatala, kumene anandipatsa mankhwala a kunjenjemera ndiponso munthu wolankhula naye. Musachite manyazi ndi chipatala, pemphero ndi mankhwala sizilimbana.

Ndinazindikira kuti mdani wanga ali ndi nthawi yake: masana, ntchito ikatha, nyumba ikakhala chete. Ndiye nthawi imeneyo ndinaipereka kwa anthu. Mayi Chibwana amagulitsa zitenje pafupi ndi msika, ndinkapita kukawathandiza kupinda. Akaona ndachedwa ankaimbira a Jere. A Jere nawonso ndikamatuluka ankafunsa kuti, "Mayi, kumanja kapena kumanzere?" chifukwa kumanzere ndi ku Chinsapo. Poyamba zinkandinyansa. Lero ndimawathokoza.

Kumanzere ndinapitako kamodzi kokha, ndi Mayi Chibwana. Ndinakagwada kwa aNachisale kuwathokoza chifukwa cha mwana, ndi kuwapempha kuti ndikadzabweranso adzandithamangitse. Anaseka, n'kuti, "Kasitomala wopempha kuthamangitsidwa ndayamba kumuona lero." Koma anavomera. Tsopano tikakumana pamsika timapatsana moni.

Lachitatu lililonse ndinkalowa kalasi, gogo ine, kubwereza mafunso amene ndinawaloweza ndili namwali. Lamulungu ndinkakhala pafupi ndi matayala aja osadumpha. Madzulo ake NyaMsiska ankaimba foni, n'kuiika pafupi ndi mwana kuti ndimve akupuma ndi kubwebweta. Masiku ena ndinkapemphera osamva kanthu, ngati ndikulankhula ndi khoma. Ndinkapempherabe. Ngati muli pamenepo, musadikire kuti mtima uyambe wamva. Yendetsani miyendo, mtima umabwera m'mbuyo.

Abusa atabwera mwezi wa Ogasiti anandibwezera mumpingo. Ndinaima kutsogolo, Mayi Chibwana anandimanga duku. Abusa atati ndikakhale, ndinati, "Abusa, ndili ndi pempho. Funso lija munafunsa pa Khirisimasi, la kulera mwana, mundifunse ine." Anati, "Mayi, mwanayo anabatizidwa kale, sitibwereza." Ndinati, "Madzi ayi. Funso lokha." Anayang'ananso a Mhango. Ulendo uno a Mhango sanapukute magalasi, anangogwedeza mutu. Abusa anafunsa. Manja anga anali opanda mwana, koma ndinayankha mokweza kuti ndi a kumbuyo omwe amve: "Inde, ndikulonjeza." Wongani anali ataimika foni m'mwamba, amayi ake akumvera ali ku Rumphi.

Sindinganene kuti zonse zabwerera. Nyimbo ndayambanso kuyambitsa, koma pali masiku amene ndimadzuka ndili dzanzi lomwe lija. Manda a Tiyamike sindinawalirirebe monga mayi ayenera kulirira. Mulungu akudziwa tsiku lake, ine ndasiya kudzikakamiza. Chimene ndili nacho ndi kuthokoza, chifukwa anthu amene ndinawachititsa manyazi ndi omwe anandigwira mkono.

Lusungu akuyenda tsopano, ndipo mawu ake oyamba ndi a Chitumbuka. NyaMsiska asunga mawu awo: akubwera naye Loweruka likudzali, ndipo mabanja awiri tikhala pansi. Andiuza kale kuti mwanayo wawazolowera iwo, mwina akandiona adzalira monga analirira ali m'manja mwawo tsiku lija. Kaya atsala, kaya abwerera nawo, sindikudziwa, ndipo sindikalimbana. Lonjezo ndinapanga, ndidzalisunga kaya ali kumsana kwanga kaya ali ku Rumphi.

Choncho mukamagwada kwanuko, mutikumbukire. Mumukumbukire Wongani, amene wakhala wamasiye akadali mnyamata. Muwakumbukire asebele anga, maondo awo akuvuta koma akuthamangitsana ndi mwana. Mumukumbukire Lusungu, amene sadzawaona amayi ake. Ndipo Loweruka m'mawa, basi ya kumpoto ikamalowa mudepoti, mundikumbukire ine, kuti mwanayo akandikana ndidzathe kuima, n'kubwerera kunyumba njira ya kumanja.